'Kusunga' ndi 'Kusungitsa': Kuunika Kapepala ka Malangizo a Kompyuta ka ku Nkhata Bay

1. Chiyambi

Anthu ena amaona ngati ntchito yofufuza mawu ndi ya okhuta, amene amakhala pamthunzi n'kumatsutsana za timalemba anzawo ali kumunda. Nkhani ino ikuyankha maganizo amenewo. Ndikuunika kapepala ka masamba awiri kamene ndidakapeza katamatidwa pakhoma la ofesi ina m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kunja kwa tawuni. Kapepalako kadamasuliridwa kuchokera m'Chingerezi, ndipo kamalangiza mlembi momwe angatetezere kaundula wa ofesiyo amene ali m'kompyuta. Sinditchula dzina la ofesiyo kapena la amene adamasulira, pakuti vuto limene ndikufuna kuonetsa si la munthu mmodzi. Ndi lathu tonse amene timalemba, kukonza ndi kuphunzitsa Chichewa.

Ndidafika pamalopo patangopita masiku ochepa disiki ya kompyuta yaikulu itawonongeka. Usiku wina kudagwa mvula ya ziphaliwali, magetsi adathima ndi kuyakanso kangapo, ndipo kutacha makinawo sadayakenso. Mlembi wa ofesiyo, mayi akhama pantchito, adandifunsa modandaula kuti: "Bambo, ine ndimasunga tsiku lililonse monga pepalali likunenera. Nanga zapita kuti?" Mayiwo sadaname. Adachita zonse zimene adamva m'kapepalamo. Chidalakwika n'chakuti mneni woti 'kusunga' m'kapepalamo adaimira ntchito zinayi zosiyana, ndipo imene iwo ankachita siinali imene ikadapulumutsa kaundula. Ofesiyo idabwerera kumabuku akale olemba pamanja n'kuyambanso kulowetsa dzina ndi dzina. Zimene zidali m'kompyuta mokha sizidapezekenso.

2. Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

M'chaka cha 2000, pamene Centre for Language Studies ya ku Zomba idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, kaundula wa kumudzi anali buku lachikuto cholimba losungidwa m'kabati. Zinthu zidasintha msanga. Mu 2001 bungwe la Baobab Health lidayamba kulemba odwala pakompyuta pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Mu 2012 Unduna wa Zaumoyo udayamba kusonkhanitsa ziwerengero za m'maboma kudzera mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku University of Oslo m'dziko la Norway. Mu 2017 anthu opitirira 9 miliyoni adalembetsa kuti alandire ziphaso za unzika. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo, ndipo mu February chaka chomwecho a Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti panthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu achinyengo adalowerera makina a ntchitoyo. Dziko lonse lidaona tanthauzo la kutsekeredwa kunja kwa kaundula wako yemwe.

Kunyanja kuli zinanso ziwiri zoyenera kuzikumbukira. Choyamba ndi chiyankhulo. Anthu ambiri a ku Chintheche, Kande ndi Mpamba amayankhula Chitonga pakhomo, ndipo ku Usisya kumamvekanso Chitumbuka. Chichewa amachiphunzira kusukulu ndi kuchimva pawailesi. Derali silachilendo pazolembalemba, pakuti mishoni ya Livingstonia idakhazikika ku Bandawe mu 1881 ndipo masukulu ake adatulutsa alembi amene adakagwira ntchito kutali, monga Clements Kadalie amene adatchuka ku South Africa. Wowerenga wa kumeneku amalemekeza cholembedwa, ndipo mawu a Chichewa amawatenga m'tanthauzo lake la tsiku ndi tsiku. Chachiwiri ndi mtunda. Katswiri wa makompyuta amakhala ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Kuti akafike ku Usisya, kumene msewu wake ndi wotsetsereka kwambiri ndipo anthu akhala akudalira sitima ya Ilala kwa zaka zambiri, si ulendo wa ola limodzi. Zikatero kapepala kapakhoma ndiko kamalowa m'malo mwa katswiri.

3. Mmene makinawa amagwirira ntchito

Sitingaweruze mawu tisanadziwe chinthu chimene akutchula, motero ndifotokoze mwachidule.

Kompyuta imodzi yamphamvu imatha kugawidwa kuti m'kati mwake muziyenda makompyuta ena, iliyonse ikugwira ntchito ngati ili payokha. Pachingerezi kompyuta yam'katiyo amati virtual machine. Luso limeneli lidayamba ndi kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1960, ndipo lidafala pamakompyuta wamba kampani ya VMware itakhazikitsidwa mu 1998. Palinso mapulogalamu ena a ntchito yomweyi monga VirtualBox, Hyper-V ndi KVM. Chofunika kuchigwira n'chakuti disiki ya kompyuta yam'katiyo si chitsulo chogwirika ayi. Ndi fayilo yaikulu yokhala padisiki ya kompyuta yakunja ija.

M'kati mwa kompyuta yam'katiyo ndimo mumakhala database, imene imayendetsedwa ndi pulogalamu monga MySQL kapena PostgreSQL. Pulogalamu yotereyi siilemba chilichonse m'malo ake enieni nthawi yomweyo. Imachita ngati wogula usipa padoko, amene amayamba walemba m'kabuku ka m'thumba n'kudzasamutsira m'buku lalikulu akapeza mpata. Choncho nthawi iliyonse imene ofesi ili pantchito, zina zili m'buku lalikulu, zina zili m'kabuku, zina zikadali m'mutu.

Pali njira zitatu zimene anthu amatengera kope la zinthu zimenezi. Yoyamba ndi kukopera fayilo yaikulu ija makina akuyenda. Kukopera kumatenga nthawi, motero chiyambi cha kope chimakhala cha 10 koloko pamene mapeto ake ndi a hafu pasiti 10, ndipo kope lotere nthawi zambiri silitseguka. Yachiwiri ndi imene amati snapshot. Apa makina amaleka kulemba pafayilo yoyamba n'kutsegula ina yaing'ono yolembamo zosintha zokhazokha, kuti munthu akalakwitsa athe kubwerera pamene adaimira. Ngati database siidachenjezedwe, kubwererako kumafanana ndi kuyatsa makina magetsi atathima mwadzidzidzi: kawirikawiri pulogalamu imadzikonza yokha powerenga kabuku kaja, koma si nthawi zonse. Ndiye chifukwa chake pali zida zouza database kuti imalize zolemba ndi kudekha kaye, monga VSS pa Windows. Yachitatu ndi kuuza database yomweyo kuti itulutse kope la zonse zimene ili nazo, pogwiritsa ntchito lamulo la mysqldump kapena pg_dump, n'kulisamutsira kumalo ena kopelo. Njira yachitatuyi, kapena kope lathunthu la makina odekhetsedwa lopititsidwa kwina, ndiyo backup.

4. Mawu anayi a m'kapepalako

(a) 'Kompyuta yoyerekeza'

Umu ndi mmene kapepalako kadamasulira virtual machine. Womasulira adatsata mtanthauziramawu wa Chingerezi, koma sadafunse zimene Mmalawi amamva. Kwa ife 'kuyerekeza' ndi zimene ana amachita kumasanje, kapena mayeso oyeserera asanafike enieni. Chinthu choyerekeza chikawonongeka palibe amalira. Pamenepa n'zosiyana: mayina, ngongole ndi masiku zimene zili m'kompyuta imeneyi n'zenizeni. Kuwonjezera apo, mawuwa sanena kanthu za ubale wa makompyuta awiriwa, pamene ubalewo ndiwo mutu wa nkhani.

Ndikupereka maganizo akuti tizinena 'kompyuta yobereka' ndi 'kompyuta yoberekedwa'. Aliyense amadziwa kuti mwana wa kumsana ndi munthu payekha, koma mayi akagwa mwananso wagwa. Mlembi akamva mawu amenewa sangaganize kuti zimene zili m'kompyuta yoberekedwa zingatsale yoberekayo itafa.

(b) 'Nkhokwe'

Mawuwa adakhazikika kale m'zolemba zambiri poimira database, ndipo sindikuwakana kotheratu. Amaonetsa bwino kuti ndi malo osonkhanitsira zinthu zamtengo. Kufooka kwake n'kwakuti nkhokwe ndi chinthu chokhala phee: chimanga chikalowa chimangodikira tsiku lotapa. Database siikhala phee. Imalembedwa, kufufutidwa ndi kuwerengedwa mphindi iliyonse, ndipo vuto lonse lotenga kope lake limachokera pamenepo. Kunyanja kuno, kumene chakudya chachikulu ndi kondowole ndipo chinangwa chimadikira m'munda mpaka tsiku lozula, nkhokwe siili pakhomo lililonse monga ku Kasungu kapena ku Dedza. Pamene nkhani ili ya mayina ndi ziwerengero, 'kaundula wa m'kompyuta' ndi mawu oyenera kuposa 'nkhokwe', chifukwa kaundula ndi buku lotseguka limene wina akulembamo, ndipo wowerenga amva yekha kuti sungakopere tsamba cholembera chikuyendabe.

(c) 'Chithunzi'

Apa ndi pamene padagona ngozi. Snapshot m'Chingerezi cha masiku onse ndi chithunzi chojambulidwa mwamsanga, motero womasulira adalemba 'chithunzi' ndipo adalangiza mlembi kuti azisunga chithunzi cha kompyuta madzulo alionse. Koma chithunzi, monga tichidziwira, chimaima pachokha. Agogo adamwalira kalekale koma chithunzi chawo chikadali pakhoma. Nyumba ikagwa, chithunzi chake chimatsala. Snapshot siili choncho. Ndi kafayilo ka zosintha kamene kalibe tanthauzo popanda fayilo yoyamba, ndipo kamakhala padisiki yomweyo. Disiki ikafa, zonse zimapitira limodzi. Eni ake a VMware amanena poyera kuti snapshot si backup, ndipo amalangiza kuti isakhale kupitirira maola 72, popeza ikakhalitsa imakula n'kuchedwetsa makina. Mayi aja adali nazo zambirimbiri, zotsatizana ngati mikanda, zonse padisiki imodzi imene idafa.

Apa tikuona kuti kumasulira mawu ndi mawu kungakhale kolondola pamaso pa mtanthauziramawu koma kosokeretsa pantchito. Chingerezicho chomwe chimasokeretsa eni ake. Ife sitiyenera kutengera chilema chimenecho. Ndikupereka mawu akuti 'chikhomo'. Chikhomo chimakhomedwa m'munda kuti tidziwe pobwerera, koma si munda wachiwiri, ndipo madzi akakokolola mundawo chikhomo chimapita nawo. Tinganene kuti: khomani chikhomo musanasinthe pulogalamu, ndipo mukaona kuti zonse zili bwino chizuleni.

(d) 'Kusunga'

M'masamba awiri okha mneniyu adagwira ntchito zinayi. Adaimira save, kutanthauza kulemba padisiki zimene watayipa. Adaimira store, kutanthauza kukhala ndi zinthu m'kaundula. Adaimira kutenga snapshot. Ndiponso, m'ndime yotsiriza yokamba za disiki yakunja, adaimira backup. Mlembi amene wachita chimodzi mwa zinayizi ali ndi ufulu wonse woganiza kuti wasunga, ndipo ndime yotsirizayo aiona ngati kubwereza chabe. Chiyankhulo cha m'maofesi sichithandiza kwenikweni, pakuti kumeneko 'kuseva' ndi kusunga zimene watayipa pamene 'seva' ndi kompyuta yaikulu ija, ndipo ndamvapo anthu akuti zinthu zikalowa mu seva ndiye kuti zasevedwa basi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Chichewa chili kale ndi mawu ofunikawo. Tsinde loti -sunga likalandira msintho wochititsa limakhala -sungitsa, ndipo tanthauzo limasuntha. Munthu amasunga ndalama m'thumba mwake, koma amasungitsa ndalama kubanki. Wopita ku Joni amasungitsa katundu kwa mbale wake. Mlimi amasungitsa mbuzi kumudzi wina kuti matenda akagwa m'khola lake asathere zonse. Mu 'kusungitsa' muli mfundo zitatu zimene katswiri aliyense amafuna kuti mlembi azimve: chinthucho chimachoka m'manja mwako, chimakakhala pamalo ena, ndipo tsiku lina udzapita kukachitenga. Motero backup ndi 'kope losungitsa', ndipo ntchito yake ndi 'kusungitsa kope'. Sitidafunike kupeka mawu atsopano kapena kubwereka. Tidangofunika kumvetsera mmene anthu amayankhulira.

5. Mawu amene akusowa

Kapepalako sikanena chilichonse za kubwezeretsa. Kamatha pamene kope latengedwa, ngati kuti ulendo wathera pomwepo. Komatu kope limene silidayesedwe ndi chiyembekezo chabe. Pa 31 January 2017 wogwira ntchito pakampani ya GitLab adafufuta mwangozi database yaikulu ya kampaniyo. Atafufuza adapeza kuti mwa njira zisanu zimene ankadalira palibe imene inkagwira ntchito moyenera. Lamulo la pg_dump linkalephera mwakachetechete kwa nthawi ndithu. Adapulumukira pakope limene lidatengedwa maola 6 m'mbuyomo ndipo lidali pamakina ena, koma zolemba za maola amenewo zidatayika. Ngati zotere zidagwera akatswiri, malangizo a ofesi ya kumudzi sayenera kukhala opanda chiganizo chonena kuti mwezi uliwonse tengani kope losungitsa, mulibwezeretse pakompyuta ina, muone ngati dzina lomaliza kulembedwa likupezeka.

Sikanenanso za mtunda. Kamangoti disiki yakunja iziikidwa pamalo abwino, ndipo ku ofesi kuja malo abwinowo anali kabati ya m'chipinda chomwecho. Pa 10 March 2021 moto udawononga nyumba yosungira makompyuta ya kampani ya OVH ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo makasitomala ena amene makope awo anali pamalo omwewo adataya zonse. Kwathu kuno sitisowa chitsanzo: mu 2024 nyanja idakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwake. Akatswiri amaphunzitsa lamulo la 3-2-1, limene adalitchukitsa wojambula zithunzi Peter Krogh: makope 3, pazipangizo za mitundu 2, kope 1 likhale kutali. Ndi mneni woti 'kusungitsa', mbali yomalizayi imamveka popanda kufotokoza kwambiri, chifukwa palibe amasungitsa katundu m'nyumba yake yomwe.

6. Zimene kapepalako kadakhoza

Si bwino kudzudzula kokha. Womasulira adachita zinthu zitatu zoyenera kutengera. Choyamba, ziganizo zake n'zazifupi ndipo chilichonse chili ndi lamulo limodzi, m'kachitidwe kaulemu ka 'tsegulani', 'dikirani', 'lembani tsiku'. Chachiwiri, mayina a mapulogalamu ndi malamulo otayipa adawasiya m'kalembedwe kake. Ichi n'chofunika, chifukwa makina sazindikira lamulo limene lasinthidwa ngakhale lemba limodzi. Chachitatu, adapewa kumasulira dump kuti 'kukhuthula' kapena 'kutaya', mawu amene akadaopseza mlembi kuti kaundula atsala wopanda kanthu. Iye adalemba 'kukopera', ndipo adakhoza. Tionenso kuti adasankha 'kukopera' osati 'kukopa', pakuti kukopa ndi kunyengerera munthu. Womasulira wotere khutu la chiyankhulo ali nalo. Chimene chidamusowa ndi mwayi wokhala pansi ndi katswiri n'kufunsa kuti chinthuchi chikawonongeka chimawonongeka bwanji.

7. Za kalembedwe

Kapepalako kadalemba liwu limodzi m'njira zitatu: disk, diski ndi disiki. Liwu lobwereka limene lakhazikika liyenera kutsata maphatikizo a Chichewa, amene amatha ndi lemba laliwu, motero 'disiki' ndiye woyenera, monganso 'fayilo' ndi 'kompyuta'. Mgwirizano nawo udasokonekera: pena 'disiki lafa', pena 'disiki yafa'. Pakamwa pa anthu ambiri amati disiki yafa, fayilo yatayika, kompyuta yazima, ndipo pochulukitsa amati madisiki, mafayilo, makompyuta. 'Kope' ali m'gulu la Li-Ma: kope losungitsa, makope osungitsa. Mkonzi asankhe njira imodzi n'kuitsata kuyambira mutu mpaka mapeto, chifukwa wowerenga amene Chichewa si chiyankhulo chake choyamba akaona malembedwe awiri amaganiza kuti ndi zinthu ziwiri.

Ena adzafunsa kuti bwanji osangolemba 'bakapu', popeza m'maofesi ambiri ndi mmene amanenera. Kubwereka si tchimo; sukulu, buku ndi kompyuta tidabwereka. Koma liwu lobwereka limafika lopanda kanthu m'kati, ndipo womva amaliikamo tanthauzo limene akufuna. Kwa mayi aja, bakapu ikadakhalabe chilichonse chimene amachita madzulo asanatseke ofesi. Pamene kusamva bwino kungawononge ntchito, mawu odzifotokoza okha amaposa obwereka.

8. Mawu amene ndikupereka

virtual machine: kompyuta yoberekedwa
host: kompyuta yobereka
database: kaundula wa m'kompyuta, nkhokwe pamene nkhani ndi yosonkhanitsa chabe
save: kusunga
snapshot: chikhomo; kukhoma chikhomo, kuzula chikhomo
backup: kope losungitsa, kusungitsa kope
restore: kubwezeretsa
quiesce: kudekhetsa kaundula
log: kabuku ka zochitika

Mawuwa ali ndi zofooka zake. 'Yoberekedwa' ndi liwu lalitali, ndipo kubereka kumatanthauzanso kubala, ngakhale kuti matanthauzo onse awiri sakutsutsana ndi chinthucho. 'Chikhomo' chifuna kufotokozedwa kamodzi chisanazolowereke. Ndikupempha aphunzitsi, makamaka a m'madera a Chitonga ndi Chitumbuka, kuti awayese mawuwa pa ophunzira ndi alembi awo. Njira yoyesera ndi yapafupi: muwerengereni munthu malangizo, kenaka mumufunse kuti kompyuta yobereka itapsa usiku uno, n'chiyani chingatsale. Akayankha kuti kope losungitsa lokha, mawuwo agwira ntchito. Akatchula chikhomo, tibwerere tikafunenso ena.

9. Mawu otsiriza

Phunziro la kapepala aka likupitirira makompyuta. Pomasulira mawu a luso, funso loyamba lisakhale lakuti liwu la Chingerezi likutanthauza chiyani, koma lakuti wowerenga akamva liwu lathu adzachita chiyani. Olemba ndi akonzi asalole kuti mneni mmodzi anyamule ntchito ziwiri zimene zotsatira zake n'zosiyana, ngakhale Chichewa chake chitamveka chosalala. Ndipo tisanathamangire kupeka kapena kubwereka, tiyambe tafufuza m'misintho ya aneni athu, mmene muli kale kusiyanitsa kumene tikukufuna. Ndisanachoke ku ofesi kuja tidakonza ndime yotsiriza ya kapepalako ndi cholembera. Mayi aja atawerenga 'sungitsani kope' adafunsa nthawi yomweyo kuti: "Tikasungitse kwa yani?" Funso limenelo ndi limene kapepalako kadayenera kuwafunsitsa kuyambira tsiku loyamba.